Fupa Limene Linalumikizana Mokhota

9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ife kuno tili bwino, zidzukulu zanu zikungotalika ngati bango.

Kalata yanu ndinailandira, ija mukuti ndibwerere kwa mkamwini wanu chifukwa banja n'kupirira. Ndikuyankhani, koma poyamba imvani za mano.

Ndaganiza zoika mawaya owongola mano. Inde, ndi ukulu womwe uno, sekani ndithu. Lachiwiri ndinapita kwa adokotala a mano, mayi wamfupi wolankhula mofatsa. Anati sangayambe asanajambule mizu ya mano otafunira am'munsi ndi fupa la nsagwada. Anandiveka chovala cholemera ngati bulangeti lonyowa, n'kundilumitsa kapulasitiki, makina n'kumazungulira mutu wanga.

Chithunzi chitatuluka pakompyuta ndinaseka. "Adokotala, chigaza chimenechi n'changa?"

Iwo sanaseke. Analoza ndi cholembera kumanzere, pansi pa dzino lomaliza. "Mizu ili bwino. Koma fupa ili linathyokapo, n'kulumikizana lokha mokhota. Munatani?"

"Ndinaterereka kubafa," ndinatero, monga ndinakuuzirani inu chaka chija munabwera kudzandidyetsa ndi supuni.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bafa limenelo mukadali nalo?"

"Ayi, ndinasamuka."

"Munachita bwino."

Amayi, sindinaterereke. Chinali chibakera cha bambo a ana angawa, chifukwa ndinafika mochedwa kuchokera kuntchito. Ndinakunamizani poona mmene munkamunyadirira, ndipo ndinkaopa kukuchititsani manyazi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutafunira mbali imodzi, pakamwa nditatseka. Sindikukuimbani mlandu, simukanadziwa chimene ndinabisa ndekha.

Adokotala akuti fupalo lalimba ndithu. Mawaya aikidwa mwezi wamawa, ndipo mbali imeneyo azikoka pang'onopang'ono, mwina zaka ziwiri. Kupirira kumeneko ndikwanitsa. Koma kubwerera ayi, Amayi, sindibwerera. Mkamwini wanu akabweranso kudzalira pakhomo panu, musakangane naye. Mungomuuza kuti chithunzicho ndasunga.

Mupereke moni kwa amalume ndi azakhali. Mng'ono wanga, amene masiku ano sakuyankha foni mwamuna wake akakhala pafupi, mumuuze pambali kuti kuno bedi lilipo ndipo ndamusungira kiyi. Abwere tsiku lililonse, ndi ana omwe. Sindimufunsa chilichonse.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amene amakukondani monga kale.