Tsiku Limene Ndinamenya Simbi

Komboni ya Papulazi,
Macheke,
Southern Rhodesia.
19 Okutobala 1958

Okondedwa achimwene a Mcloud,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino kumudziko. Ine, Jesinta ndi wakhanda Luis tili moyo. Mudabwa kuona zilembo zonga mapazi a nkhuku m'malo mwa dzanja lokongola la alamu anu a Lazalo. Pirirani nazo, wagwira pensulo ndi ine mlongo wanu. Chifukwa chake muchimva, koma ndiloleni ndiyambire poyambira, apo ayi ndingonyowetsa pepalali ndi misozi.

Mwezi wa Julayi bwana wathu anagula hatchi ku Halale, yofiira, yaitali miyendo, yomwe inkathamanga pa mipikisano ya m'tauni. Iye akuifunira zina. Azungu a m'mapulazi muno ali ndi mpikisano wawo woyenda tsiku lathunthu, kukwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje, ndipo pamafunika hatchi yodziwa kusunga mphamvu. Tsono iyi kuyenda siidziwa, imadziwa kuima ndi kuuluka basi. Pakomboni anaitcha Ulere, dzina la malole aja anatibweretsa kuno, ati imakunyamula osalipira koma potsikira imasankha yokha. Ntchito yoiphunzitsa inagwera alamu anu, poti ndiwo osamala khola la mahatchi.

Munthuyu anaikonda nyamayi mpaka ine kuchita nsanje. Ankaitsogolera wapansi m'miyala, kuiwolotsa pamadzi, kuizoloweza chishalo cholemera. Anatulukira kuti ukaikoka zingwe ndiye imawonjeza liwiro, poti okwera ake akale ankatero, ndipo kuti ifatse umazilekerera zingwezo n'kumaiimbira. Nyimbo za kutchalitchi zimene ine sanandiimbirepo, hatchi inazimva zonse. Tsiku lina analowa m'nyumba akukuwa, "Amake Jesinta, lero Ulere wamwa madzi pamtsinje!" Mukanaganiza kuti mwana wayamba kuyenda.

Vuto linali simbi. Kuno simbi ndi chitsulo cha pulawo yakale chopachika pamtengo pakati pa komboni, ndipo kapitawo wathu a Cipriano, a ku Tete, amachimenya poitana anthu kuntchito ndi poweruka. Akuti kumipikisano kuja mahatchi amanyamuka belu likalira. Ndiye Ulere ikangomva simbi mutu umaisokonekera, siiona waya, siiona dzenje. Sabata yoyamba inagwetsa bwana mwini wake n'kuswa chipata. Alamu anu anapangana ndi a Cipriano kuti simbi isalire iwo ali pamsana pa hatchi, ndipo komboni yonse inalidziwa lamulolo. Madzulo aliwonse poipatsa chakudya ankagogoda khasu lakale pafupi ndi chodyeramo, pang'onopang'ono, kuti khutu lake lizolowere chitsulo. Ankati yatsala pang'ono kumva.

Lachiwiri lapitali kunatentha koopsa, mphepo ili kuwomba. Anthu onse, ndi a Cipriano omwe, anali kumunda wakutali wa kuphiri kukonza mizere ya fodya. Pakomboni tinatsala ine, chifukwa cha wakhandayu, ndi mayi Tionenji, achikulire amene amayang'anira ana. Alamu anu anali kumunsi kudambo, akuyesa Ulere ulendo wautali. Ndinkawaona bwinobwino, koma mawu sakanafika. Kutsogolo kwawo kunali waya waminga, ndipo kuseri kwa wayayo kuli chigwembe cha miyala.

Ndinali kuyanika matewera pamene ndinamva fungo la utsi. Nditacheuka, tchire la kuseri kwa komboni linali litayaka, moto ukubwera ndi mphepo molunjika nyumba zathu. Nyumbazi n'zaudzu, achimwene, zoyandikana, ndipo amayi akamapita kumunda amasiya tiana togona m'kati, chitseko atamanga ndi waya. Ife awiri sitikanatha kuzitsegula zonse.

"Menyani simbi, amake Jesinta!" anatero mayi Tionenji.

"Bambo ake ali pa hatchi!"

"Ndawaona. Nanga anawa tiwawotche? Ine mkono ulibe mphamvu. Menyani!"

Ndinatola chitsulo chomenyera. Ndinayang'ana kudambo, ndinayang'ana moto. Ndinamenya.

Achimwene, hatchi ija inaima. Ndinaona ndi maso anga. Inadzuka ndi miyendo yakutsogolo, inazungulira, koma inaima, alamu anu atagona pakhosi pake zingwe atazilekerera. Khasu lija linagwira ntchito. Ndikanalekera pomwepo, lero bwenzi akukulemberani okha. Koma nditayang'ana kumunda, panalibe ngakhale mmodzi wodzutsa mutu. Mphepo inkabweza kulira kwa simbi kukuchotsa kwa iwo n'kukakutula kudambo konse. Denga loyamba linali litayamba kufuka. Ndinagwira chitsulo ndi manja awiri n'kumenya mosalekeza, ndikulira, Luis akulira kumsana. Pamene anthu ankayamba kuthamanga, kudambo kunali fumbi lokha, hatchi itathawa nawo molunjika waya uja.

Moto anauzima ndi masaka onyowa ndi nthambi. Nyumba za kumapeto zinapsa, koma palibe mwana anapsa ngakhale chala. Ine sindinadikire zimenezo, ndinathamangira kuchigwembe. Ndinawapeza pansi pa miyala, mutu uli magazi, mwendo utapindika moti sindifuna kukumbukira. Ulere inali itaima pambali pawo, chifuwa chitang'ambika ndi waya. Ndinawaitana osayankha. Mtima unabwerera m'malo pang'ono pamene anabuula powakweza mu lole ya bwana kupita kuchipatala ku Marandellas.

Madzulo ake a Cipriano anabwera pakhomo. "Mai, imwe nyararani chabe," anatero, kundiuza kuti ndisaulule. "Lazalo akafunsa, tinena kuti simbi ndamenya ndine. Ukwati ungathe na zinthu izi." Ndikuuzeni zoona, ndinalakalaka kuvomera.

Dzulo ndinapita kukawaona. Fupa la ntchafu linathyoka, mwendo aupachika ndi zingwe. Adokotala sananene ngati adzayendanso bwino, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Ndinakhala pamphepete pa bedi, ndikusowa poyambira. Anayamba kulankhula ndi iwo.

"Ndinadziwa kuti ndinu," anatero. "Cipriano samenya simbi ngati akusinja mphale."

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. "Ana onse alipo?"

"Onse."

"Basi. Nanga munaona kuti inaima? Poyamba paja inaima!"

Munthu mwendo uli m'mwamba, nkhope yotupa, koma akunyadira hatchi. Anati bwana atabwera kudzawaona anafuna kuiwombera, iwo anamuchonderera, ndipo wavomera kudikira. Kenako anandigwira dzanja. "Khasu lija lili kuseri kwa chodyeramo. Muzikagogoda madzulo aliwonse, pang'onopang'ono. Musalole iiwale."

Pempho langa ndi ili, achimwene. Mupite nokha kwa apongozi anga mukawauze, musatume mwana. Mukanene kuti mwana wawo ali moyo, akudya ndipo akulankhula. Za kuyenda musanene kanthu, poti ifenso sitikudziwa. Akafunsa kuti anamenya simbi ndani, musawabisire.

Moni kwa amayi, muwauze kuti Luis wayamba kuseka. Moni kwa alamu ndi ana onse. Jesinta akupereka moni, amafunsa tsiku lililonse kuti bambo abwera liti. Alamu anu akuti moni wambiri, ndipo akuti mutipempherere tonse, hatchi yomwe. Ndilekeze pano, dzuwa lapendeka ndipo Ulere ikudikira chakudya. Chitsulo chikalira ndimanjenjemera kuposa iyo, koma ndikupita.

Ndine mlongo wanu,
Emelia