Kamzere kobiriwira pa chilonda cha amama

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kaporo tilipo, vuto ndi mwendo wa amama womwe uja.

Masiku ano anamwino amajambula chilondacho pa foni. Pachithunzipo pamabwera kamzere kobiriwira koyenda kokha ngati nyongolotsi, kamapindikapindika mpaka kagwire m'mphepete monse mwa chilonda. Kamzereko ndi kamene kamawauza ngati chikuchepa.

Lachiwiri lapitali titapita ku chipatala, kamzereko kanatambasuka kwambiri. Anamwino anati, "Chakula ichi. Mwina tiwatumize ku Mzuzu." Amama anandigwira chitenje. Mukudziwa mmene amaopera kudulidwa mwendo.

Ine ndinkadziwa chimene chachitika. M'mawa ndinali nditawapaka mankhwala a GV mozungulira chilondacho, ndiye kamzereko kankatsata utoto wa mankhwalawo. Mukanakhalapo inu, mukanayankhula msanga. Ndinayang'ana kumbali kwanga, panalibe wondinenera.

Kenako ndinati motsitsa, "Pepani, kakutsata GV amene ndawapaka." Anamwino anaseka, amvekere, "Iwe mtsikana, ndiye unangoti duu nthawi yonseyi?" Anakankha kamzereko ndi chala, kanabwerera m'kati n'kugwira chilonda chenichenicho. Chachepa, achemwali. Ku Mzuzu sitipita.

Pobwerera ndinkafunitsitsa kuuza munthu kuti lero ndayankhula, koma amama anagona m'minibasi njira yonse. Ndiye ndikuuza inu.

Chonde muziimba foni Lamlungu, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Lusubilo