Dzino la Wendell Litangoti Zii

Azakhali a Lorna,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halifax uko. Ife kuno tirigu tamaliza kukolola, ana ali bwino, chisanu chayamba.

Mwana wa achimwene anu, mwamuna wanga Wendell, ali m'chipatala, ndipo ndili nanu mawu. Ndinu munamuuza pafoni kuti dzino linkamupweteka lija aziliika thonje loviika mu wisiki mpaka kukolola kuthe. Milungu itatu munthu akutafunira mbali imodzi, khofi osamwa, madzi ozizira osayerekeza. Kenako dzino linangoti zii. Anabwera kumunda akumwetulira, amvekere, "Waona, Darlene? Mankhwala a azakhali amenewo! Kwa dokotala wa mano kuja sindipitakonso."

Silinapole, Azakhali. Mtsempha wa m'dzinomo ndi umene unafa, mafinya n'kumadzaza pansi pake. Lachiwiri tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka, thupi kutentha, ngakhale malovu kukanika kumeza. Dokotala atamuona anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Masiku onsewa munali kuti, mayi?" Ine! Ine amene ndinkamuchonderera tsiku ndi tsiku, iye n'kumangomvera inu!

Dzinolo azula. Koma kutupa kwatsikira kukhosi, ndipo dzulo dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza zina zimene sindilemba pano. Ana sindinawauze.

Wendell kulankhula sakutha, koma walemba dzina lanu papepala. Bwerani mudzamuone sabata ino, osati yamawa. Malangizo anuwo muwasiye komweko.

Ndine mpongozi wanu,
Darlene