Chithunzi cha Wezi ndi Ndowa

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA UBALE WA SEKONDALE YOYENDERA YA LUSUNGU, KU HEWE, NDI SUKULU YA KU SCOTLAND

Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: Kalasi ya Fomu 2
Opezeka: Mayi Rahab Kumwenda (Wapampando), Bambo Stanley Kachingwe (mphunzitsi woyang'anira ubale), Bambo Laws Chirambo (oimira makolo), Alufeyo Mhango (Mlembi)
Opepesa: Aphunzitsi aakulu, anapita ku boma

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegula ndi pemphero. Zolembedwa za msonkhano wapita sizinawerengedwe chifukwa Bambo Chirambo anati sanabwerere zimenezo.

2. Nkhani ya chithunzi
2.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti teremu yatha anzathu a ku Scotland anapempha zithunzi zoti ana awo aphunzirepo za mavuto a madzi. Anati chithunzi cha Wezi Chirambo wa Fomu 4, atasenza ndowa kumtsinje osavala nsapato, achipachika m'holo yawo ndipo chili pa intaneti. Pansi pake alemba kuti Wezi amamwa madzi akuda tsiku lililonse.

2.2 Bambo Kachingwe anavomera kuti ndi iwo anauza Wezi kuti avule nsapato. Anati mjigo umene uli kuseri kwa ofesi sukanawaphunzitsa kanthu ana akunjawo, komanso mavutowo m'madera ena alipodi. Anati: "Sindinaname ayi, ndinangobwereka mwana."

2.3 Bambo Chirambo, amene ndi bambo ake a Wezi, anafunsa kuti anamubwereka kwa yani. Anati chithunzicho anawatumizira pa foni ndi mphwawo wa ku Mzuzu, ndipo Lamulungu amayi a Umanyano, bungwe la amayi kumpingo kwawo, anawafunsa mwaulemu ngati kunyumba kukufunika thandizo. Anati: "Ine mkulu wa mpingo, nsapatozo ndinagula ndekha ku Bolero. Aphunzitsi, kwanu ku Dedza mumabwereka ana a eni chonchi?"

2.4 Anapitiriza kuti anzake akumutcha Wezi kuti Nyandowa, kutanthauza mtsikana wa ndowa, ndipo kuyambira sabata yatha wakana kubwera kusukulu, pamene mayeso a MSCE ayamba mwezi wamawa. Mlembi akuvomera pamaso pa Mulungu kuti atamva dzinalo anaseka pang'ono, ndipo Bambo Chirambo anamuona. Mawu ena amene anatsatira sanalembedwe.

3. Zoyenera kuchita
3.1 Bambo Kachingwe anati akuopa kuti anzathuwo akamva zoona ubale utha. Anati ana a kumeneko akonza kale zoyenda ulendo atanyamula ndowa m'dzina la Wezi, ndipo akufuna kumuona pa phunziro la pa vidiyo Lachisanu lino.

3.2 Mlembi anapempha kuti mwina tingowauza mwakachetechete achotse chithunzicho, nkhani ithere pomwepo. Bambo Chirambo anakana. Anati mwana wawo anachititsidwa manyazi poyera, kukonzanso kukhale poyera.

3.3 Wapampando anati ubalewu unayamba kuti ana a mbali zonse ziwiri aphunzitsane. Anafunsa kuti nanga athuwa, amene anaimirira pamtsinje nkumaona mnzawo akuvula nsapato, aphunzirapo chiyani.

3.4 Komiti inagwirizana kuti Lachisanu Bambo Kachingwe afotokoze okha pa vidiyo, makalasi onse awiri akumva, ndipo apepese kwa Wezi pomutchula dzina. Bambo Kachingwe anati m'chizungu chawo chonse sakupezamo poyambira. Wapampando anati ayambire m'Chichewa, iwo adzatanthauzira.

3.5 Atafunsidwa ngati Wezi adzabwera, Bambo Chirambo anati: "Yewo, amama, ndikamuuza. Koma mwanayo sindinamumange. Wadzimanga yekha m'nyumba."

4. Zina ndi zina
Bambo Kachingwe anafunsa kuti nanga netiweki ikadzavuta Lachisanu. Bambo Chirambo anati adzakwere pachulu cha kubwalo la mpira, kumene aliyense amaimbira foni. Mlembi ali ndi nkhawa chomene pa mfundo imeneyi, chifukwa maphunziro awiri apitawa anadukira pakati.

5. Kutsekera
Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka likudzali, kuti tidzamve mmene zayendera. Mlembi anatseka ndi pemphero, kupempherera Wezi ndi mayeso ake. Anthu anabalalika cha m'ma 5 koloko madzulo osagwirana chanza.

Pamene zolembedwazi zimasainidwa Lachinayi m'mawa, desiki ya Wezi inali idakali yopanda munthu.

R. Kumwenda, Wapampando
A. Mhango, Mlembi