Benchi Lalifupi la ku Mathithi

Pa geti la kumunsi,
Nkhalango ya boma.
Lachitatu, 14 Meyi.

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi moni, poti ndi chokhacho chimene ndinatola kusukulu isanandithamangitse. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chikukupatsaniko mpata? Nanga mwana wanu amene akukusunganiyo, ndi akamwini anu aulemu aja amene amaseka nthabwala zanga patapita masiku awiri? Muwauze kuti amalume akadalipo. Mano okha ndiwo akuchoka limodzilimodzi osatsanzika. Atsala anayi, ndipo anayiwo ndi odana: awiri ali kuno, awiri ali uko, sakumana.

Kalata yanu ndinailandira masabata atatu apitawo. Mwalemba kuti mvula ikatheratu mukubwera, mukufuna mukwere kumathithi mukaone benchi limene malemu alamu anga anakhoma kumeneko. Nditawerenga pamenepo ndinavina ndekha pageti. Koma m'munsi mwake munali mawu awa, ndikukoperani momwe alili: "Iwe wakhala ukunena kuti ndi kilomita imodzi yokha. Nanga bwanji alamu ako ankandikaniza zaka zonse zija, amvekere n'kutali, chifuwa chako sichingalole? Kaya ankabisako ndani kumeneko. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga ndisanafe."

Achemwali, mawu amenewa andikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndiyankha, musadandaule. Koma mukundidziwa, ine polowa m'nyumba ndimayamba ndazungulira kuseri. Ndiloleni ndikuuzeni kaye za kuno.

Nkhalango yathu yasintha. Bwana wakale uja, amene ankayendera mitengo ali m'galimoto magalasi atatseka, anapuma ntchito. M'malo mwake anatitumizira mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanuyo, wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba ndinauza mlonda mnzanga kuti uyu ndi wa miyezi iwiri, udzudzu ukamulawa athawa yekha. Chaka chatha tsopano, ndipo wathawa ndi udzudzuwo, poti abwanawa anakwirira zithaphwi zonse za kumisasa.

Kumisasa kuja, kumene alendo amakhoma matenti, anasalaza malo alionse, kuthira mchenga, n'kukumba kangalande kuzungulira, moti mvula ikagwa mlendo sadzuka akuyandama ngati kale. Matebulo a pansi pa mitengo ikuluikulu aja, amene ankagwedera munthu akangoikapo chigongono, tsopano mutha kuvinapo. Pophikira anazinga ndi miyala kuti moto usathawire m'tchire. Migolo ya zinyalala anaiikira zivindikiro zokowa ndi mbedza. Anyani anachita msonkhano masiku atatu pa nkhani imeneyi, mkulu wawo woduka mchira uja akundiyang'ana ine ngati ndine ndinawapereka. Ndipo mvula ikamagwa, ife titabisala m'kanyumba ka pageti, abwanawa amavala jasi n'kulowa m'njira kukaona pamene madzi akudutsa. Mawa lake timakagoneka chipika mopingasa pamenepo, madzi n'kumapatuka okha osakokolola njira. Zaka makumi atatu ndili muno, sindinaganizepo kuti madzi ungawafunse kumene akufuna kupita.

Basi, kuseri ndazungulira. Ndilowe.

Mwezi wa Malichi kunabwera bambo wina ndi mkazi wake. Bamboyo anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa mimba yake ndithu, nsapato zonyezimira za mu ofesi. Anayala chakudya patebulo, kenako bamboyo anaona chikwangwani cholembedwa kuti MATHITHI 1 KM. Anandifunsa kuti, "Agogo, n'zoona?" Ine monga mwa masiku onse: "Pafupi, bwana! Mukangokhota apo muyamba kumva madzi." Paja dzina loti Pafupi alendo anandipatsa chifukwa cha mawu amenewa. Bamboyo anauza mkazi wake kuti, "Amayi, tsalani muziingitsa anyani, ndibwera tiyi asanazizire." Sanatenge madzi, sanatenge kanthu koponya m'kamwa. Ine sindinadziwe kuti ali ndi matenda a shuga.

Dzuwa linafika pamutu, munthu osabwera. Mkazi wake uja anathamangira pageti n'kudzatiuza za shugayo. Mwamwayi abwana anali pomwepo. Anangofunsa mafunso awiri, wapita nthawi yanji, wadya chiyani. Anatapa shuga wathu wa tiyi m'kapepala, kutola botolo la madzi, n'kuliyatsa liwiro. Kuthamanga pachitunda chija, achemwali! Ine ndi mlonda mnzanga tinkatsatira m'mbuyo ngati ng'ombe zokalamba. Tinakawapeza kutali, bamboyo ali gone m'mbali mwa njira, thukuta lili kamukamu, akulankhula zosamveka, abwana atamutsamiritsa pamwendo akumumwetsa madzi a shuga pang'onopang'ono. Atatsitsimuka, abwana anadula mitengo iwiri, tinaipisa m'manja mwa majasi athu, machira atheka. Iwo anagwira kutsogolo kolemerako mpaka kumunsi, ife amuna awiri tikusinthana kumbuyo.

Mkazi wake sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, mwamuna wangayu amakhulupirira chilichonse cholembedwa. Ndi mphunzitsi."

Mawa lake abwana anatulukira ndi chinthu chonga wilibala yopanda beseni: gudumu limodzi, chogwirira, ndi kawotchi kowerenga mtunda. "Agogo Pafupi, kankhani. Tikayeze kilomita yanu ija." Kuyambira tsiku limenelo timawatchula kuti Mayi Gudumu, ndipo amavomera.

Tinanyamuka, ine patsogolo, iwo pambuyo atanyamula hamala ndi mtolo wa zikhomo. Kilomita inakwana tisanafike n'komwe pa kamlatho koyamba. Ndinati gudumuli n'lachilendo, silinazolowere mapiri athu. Sanaseke. Pachitunda cha mizu ndinaima n'kuwauza ya nyani amene anaba chipewa cha mlendo n'kumachibwereketsa kwa anzake. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukhoma chikhomo pomwe ndinaimapo. Patsogolo ndinaimanso, nthabwala ina, chikhomo china. Mumtima ndinati basi, akuwerenga milandu yanga. Titafika kumathithi kawotchi kaja kanati makilomita anayi ndi mamita mazana atatu.

Tinakhala pabenchi la alamu, madzi akugwa, utsi wake ukutinyowetsa kumaso. Abwana anafunsa mosakweza mawu kuti, "Analemba wani uja pachikwangwani ndani?"

Zimene ndinawayankha ndi zimene ndikukuuzani inu tsopano, nditachedwa nazo zaka makumi awiri ndi zisanu.

Njira imeneyi tinalambula ndi alamu, awiriwiri, ndi makasu ndi zikwanje. Titamaliza iwo anaiyeza ndi chingwe, kutambasula, kupinda, kutambasula, tsiku lathunthu. Anakhoma chikwangwani n'kulembapo 4, monga munthu woona uja. Mwezi wathunthu palibe mlendo anakwera. Ankafika pachikwangwani, kuwerenga, kuyang'ana phiri, n'kubwerera kumatebulo kukadya. Zinandiwawa. Matuza onse aja m'manja, mathithi okongola chotero, osaonedwa ndi munthu! Ndiye tsiku lina alamu atatsikira kutauni kudzakuonani, ndinatenga penti n'kumudula mikono folo uja, kutsala mwendo wokha. Lamlungu lotsatira anakwera anthu makumi atatu. Ankatsika akunditukwana koma akuseka, ena n'kubweranso ndi anzawo kuti nawonso apusitsidwe.

Alamu anakwiya. Anabwezeretsa folo, ine n'kumudulanso. Kanayi konse. Potsiriza anatopa nane, anati, "Mlamu, tsiku lina bodza lakoli lidzagoneka munthu m'njira." Anangondipempha chinthu chimodzi, kuti inu ndisadzakuuzeni za kilomita imodziyo, poti ndi mphumu yanuyo mukanakakamira kukwera. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinakuuzani mwezi womwewo, tikumwa tiyi kwanu, iwo ali pomwepo. Munawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti mlongo wakoyu anasintha chikwangwani cha boma. Koma sanafune kundichititsa manyazi pamaso panu, komanso ankadziwa kuti nkhaniyo ikakakwera kwa bwana ntchito yanga yatha, poti inunso, pepani, nkhani simuisunga, n'zakumtundu. Ndiye anasenza dzina la wabodza m'nyumba mwawo momwe chifukwa cha ine. Ine ndinkayesa munaiwala kalekale. Sindinadziwe kuti mpaka kuwaika m'manda munali nako kamunga kameneka mumtima.

Abwana atamva zonsezi anati, "Nanga benchili bwanji lili lalifupi chonchi? Mawondo andifika kuchibwano. Ndimafuna tilichotse, tiike la muyezo." Ndinawauza. Tsiku lokhoma benchilo alamu anatulutsa m'thumba kachingwe komanga mfundo. Anali atayeza kampando kanu kaja ka pamakina osokera, poti ankati pamipando ya anthu ena miyendo yanu imalendewera ngati ya mwana. Ndinawaseka, ndinati, "Alamu, mukukhomera munthu amene simumulola kubwera?" Iwo anati, "Mwina tsiku lina kudzabwera mankhwala abwino a chifuwa. Akadzafika atatopa, mapazi ake adzagunde pansi." Zaka zonsezi alendo ataliatali akhala akudandaula nalo benchi limenelo. Ndiye mwafunsa kuti ankabisako ndani. Ngati kuli munthu amene alamu ankamusunga kumathithi, achemwali, munthuyo ndinu.

Abwana anatembenukira kumadzi nthawi yaitali. Anati utsi wa madziwo wawalowa m'maso. Kenako anati benchi silichoka.

Ine ndinkadikira kalata yondichotsa ntchito. M'malo mwake, potsika anandionetsa zikhomo zija. Zinalipo zisanu ndi zinayi. "Agogo, ndaona kuti inu nthabwala zimakubwererani mpweya ukakutherani. Paliponse pamene munaima kuti mundiseketse, munthu wamkulu amafunika kukhala pansi. Mukhoma benchi pachikhomo chilichonse. Matabwa munyamula nokha." Taonani! Zaka zonsezi ndimayesa palibe akudziwa chinsinsi changa, mwana wa dzana n'kuchigwira tsiku limodzi.

Ndakhoma, masabata asanu ndi awiri, msana ukulira ngati chitseko chakale. Lomaliza ndinamaliza sabata yatha. N'chifukwa chake kalata ino yachedwa, sindinafune kukuuzani kuti n'kutali ndisanakhale ndi pokukhazikani. Mabenchi atsopanowa ndi a muyezo wa boma, abwana pa muyezo sagonja. Koma nditawauza kuti mukubwera, Lolemba ndinawapeza akugubuduza mwala wafulati n'kuuika patsogolo pa benchi loyamba. Ndinafunsa kuti ndi wa chiyani. Anati, "Si munati achemwali anu ndi aafupi?" Miyala isanu ndi inayi, anakasankha okha kumtsinje.

Chikwangwani chatsopano ndalemba ndi dzanja langa, iwo ataima kumbuyo kwanga: makilomita 4.3, maola awiri kukwera, tengani madzi ndi chakudya, mabenchi alipo khumi. Ndinkati anthu aleka kukwera. Akukwera kuposa kale, ndi nkhalamba zomwe. Mphunzitsi uja anabweranso Loweruka, nsapato zoyenera, thumba la chakudya kumsana, mkazi wake patsogolo. Anawerenga chikwangwani kawiri n'kundifunsa kuti, "Agogo, n'zoona?" Ndinati, "N'kutali, bwana." Mlonda mnzanga anagwa n'kuseka, akuti chiyambire sanamvepo mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwanga.

Ndiye mufunse kaye adokotala anu. Mutenge kampope ka mphumu kaja ndi nsapato zafulati. Abwana ati adzayenda nafe okha. Tidzanyamuka m'mawa kukadali kozizira, ndipo tikadzalephera tsiku loyamba tidzagona kumisasa n'kuyesanso mawa lake, tenti ilipo. Ngati mudzafune kundikalipira, pali mabenchi asanu ndi anayi ochitirapo zimenezo, ndipo palililonse ndidzakhala chete, ngakhale nthabwala itandiyabwa chotani. Lakhumilo ndidzakusiyani nokha.

Mupereke moni kwa mwana wanu. Akamwini muwauze lero nkhani ya mano ija kuti pofika Lachisanu aseke. Inuyo mundikhululukire ngati mungathe, koma mukalephera, ine si kanthu, bola alamu muwachotsere mlandu. Sanakunamizenipo ngakhale kamodzi. N'kutali, achemwali, n'kutali ndithu. Bwerani.

Ndatha ine mlongo wanu,
amene anthu akumutchulabe kuti
Pafupi.