Anemoni wakodwa m'pampu

Abambo a Thoko,

Musadabwe kupeza m'nyumba muli zii. Ndathamangira kuchipatala ku Old Town ndi dzanja lotupa, koma si zoopsa.

Mutangonyamuka kupita kuntchito, anemoni wanu uja, duwa lamoyo la m'thanki ya nsomba, anachoka pamwala pake n'kukakodwa m'pampu. Ndinangoona madzi achita mbuu, tinsomba tiwiri timene timagona mwa iye tikuzungulira mwala wopanda kanthu ngati ana osowa mayi. Foni yanu inali yotseka. Ndinazimitsa pampu, n'kupisa dzanja m'madzimo popanda magolovesi, ndipo ndinamusolola pang'onopang'ono. Wanyotsoka mbali imodzi, koma ali moyo, ukamukhudza akugwirabe chala. Ndamuika m'kabasiketi m'thanki momwemo.

Pepani kwambiri, mlandu ndi wanga. Siponji yotseka pakamwa pa pampu ija ndinaitsuka dzulo n'kuiiwala pasinki. Ndikudziwa mmene mwamuvutikira zaka zitatu zonsezi.

Mukafika sinthani madzi msanga. Madzi amchere aja ali m'zigubu ziwiri m'galaja, a Dalton osamalira maluwa akunyamulirani, ndawapempha kuti asaweruke. Pampu musayatse musanabwezere siponjiyo, ndipo tinsombato tisadye lero.

Komanso musandiseke. Nthawi yonseyi ndakhala ndikumuchitira nsanje, chifukwa mukalowa m'nyumba mumayamba kulonjera iye, ine pambuyo. Lero ndamupulumutsa ndi manja anga, ndipo mkazi mnzangayo wandithokoza pondiwotcha mpaka m'chigongono. Mumusamale achire, ndikufuna adzandipepese.

Evelina