Ine ndi Mkazi Mnzanga pa Chitunda cha Kalmak-Ashuu

Lachiwiri, 3 Juni

Ermek waimba foni m'mawa. Mwana wobereka ndekha, koma mawu ngati wapolisi. Akuti chaka chino galimoto ikakanikanso kukwera chitunda cha Kalmak-Ashuu aigulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo ine ndi bambo ake tisamukire kwa iye kumzinda wa Bishkek. Chipinda chilipo kale, nsanjika yachisanu ndi chiwiri. "Amayi, maganizo andikwana. Bambo saonanso, inu mukuyendetsa chiphapha cha 1978 m'mapiri."

Chiphapha! A Sharshen, amuna anga, amva zonse. Angotuluka ndi ndodo yawo kukasisita boneti.

Zoona, chaka chatha tinachita manyazi. Tikupita ku nyanja ya Song-Kul monga mwa chaka chilichonse, kumene a Kalicha, alongo awo, amadyetsa nkhosa nthawi ya chilimwe. Patsala makona atatu kuti tifike pamwamba, injini zii. Anatikoka ndi akavalo awiri. Mpaka lero a Kalicha akaimba foni amafunsa ngati atumize akavalo kapena bulu mmodzi akwana.

Galimotoyi ine ndimaitcha Mkazi Mnzanga. Zaka makumi anayi ikusamalidwa kuposa ine. Ndikadwala ine, "Imwani tiyi." Ikatsokomola iyo, bambo osadya.

Ermek anati mwina tiikemo injini ya ku Japan. A Sharshen akana. "Injini yobadwa nayo sichoka. Munthu wachimfine simumudula mutu."

Pa tiyi wamasana andiuza maganizo awo. "Aphunzitsi, ine makutu ndi mphuno ndili nazo. Inu maso ndi manja. Tikaphatikiza tikwana makaniko mmodzi."

Zaka 34 ndikuphunzitsa sayansi pasukulu ya Kochkor, sipanala sindinagwirepo. Koma kumzinda sindipita. Nkhuku zanga ndikaziika pati, pakhonde la m'mwamba?

Lachinayi, 5 Juni

Ndafukula wotchi yanga yakusukulu yowerenga masekondi. Poyesera pathu: chitunda chopita ku thanki ya madzi. Takweza matumba atatu a ufa ndi limodzi la mchere, katundu yemwe tidzanyamulire a Kalicha. Kuchoka pamlatho kufika pa thanki, mphindi ziwiri ndi masekondi khumi, 2:10. Mayi wina wokankha wilibala anatipatsa moni kawiri.

Ndamasula mapulagi. Bii, ngati pansi pa ketulo. A Sharshen anunkhiza imodzi nkuti ikudya petulo wambiri, mpweya ikusowa. Izitu ndinkaphunzitsa ana: kumwamba mpweya ndi wochepa, moto umatsamwa. Kungoti sindinkadziwa kuti zimanunkha.

Kenako chinthu chabwino. Chivundikiro cha sefa ya mpweya chili ndi zizindikiro ziwiri, cha chisanu ndi cha chilimwe. Chinali pa chisanu. Poona dzimbiri lake, sichinatembenuzidwe zaka zosachepera zisanu. Injini yakhala ikupuma mpweya wotentha ngati munthu wofunda bulangete kumutu.

Ndawauza. Akuti ndine ndinachitembenuza. Ine amene ankandiletsa ngakhale kupukuta galasi!

Tatembenuza, sefa yatsopano. 2:01. Sanandithokoze, koma anaimba nyimbo pobwerera.

Loweruka, 7 Juni

Kumsika, mzere wa ogulitsa zida za galimoto. Ndapeza Kubat, amene ndinamuphunzitsa kale. Pano dazi ndi mimba. Wandilandira ndi manja awiri nkuyamba kundinyengerera maginito omangirira papaipi ya petulo. Akuti amafola timadontho ta petulo pamzere, mphamvu nkuwirikiza.

Ndinamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe Kubat, maginito amakoka petulo?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Sayansi unapeza zingati?"

Anabisa maginito pansi pa tebulo. Wandipatsa zenizeni: majeti awiri a kabuleta, tizitsulo ngati njere za chimanga tokhala ndi kabowo kocheperako kuti petulo azilowa mosamala, ndi kabokosi ka moto kamakono kolowa m'malo mwa mapointi akale oyatsira injini. Kogwiritsidwapo kale ntchito, koma kamoyo. Mtengo watsitsa yekha, ine osapempha. Ngakhale choncho mwezi uno nyama tiziiona kwa anzathu.

Wawonjezera chomata chaulere cha malawi a moto. Ndachimata pakhomo la khola la nkhuku.

Lachiwiri, 10 Juni

Masiku awiri pa mavavu, tizitseko topumira injini. Iwo amagwira, nkumati thinitsani, masulani, mwapitiriza. Zala zawo zimaona kuposa maso anga. Pena zimakumana ndi zanga mkati mwa injinimo. Takalamba, koma ndinamva kutentha kumaso.

Lero kabuleta. Ndinayala nyuzipepala pabwalo, tizida tonse pamzere wake. Ndikutembenuka kutenga sikuludilaiva, nkhuku yamawanga ija jompho! Jeti imodzi yapita.

Ndinaima kukamwa yasa. A Sharshen: "Chachitika n'chiyani? Mwangoti zii ngati mwaswa mbale ya apongozi."

Nditawauza anaseka mpaka kukhala pansi. Anati tidikire ituluke yokha. Tinaitsekera m'bokosi mpaka madzulo, ine nkumasuzumira ngati mzamba. Palibe.

Ndiye nyama taidya ndithu mwezi uno. Jeti inali mu nthutumba, yowala kuposa poyamba. Nthutumba yadyedwa ndi bambo. Akuti ikumveka ngati yawawonjezera liwiro.

1:48.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku loipa.

Kabokosi ka moto ndalumikiza bwino, mawaya onse m'malo mwake. Potsala kutchera taimingi, nthawi imene moto uziyakira. Iwo anati ndipotoze disitibyuta, chogawira moto ku mapulagi, pang'ono. Ine ndinaganiza kuti ngati pang'ono n'pabwino, kwambiri ndiye kuposa. Mphunzitsi wa sayansi!

Poliza, phuu! ngati mfuti. Ekisozi yang'ambika mimba. Galu wa a Zuura oyandikana nafe wadula chingwe, mpaka pano sanabwere.

A Sharshen anandilanda sipanala kuti akonze okha. Inaterereka, dzanja linamenya chitsulo chotentha. Chikopa chasupuka. Ndikuwamanga nsalu anati, "Maso anga akanakhalapo, simukanayandikira galimoto yanga."

Ine nkuyankha kuti maso anu palibe, ndiye muzolowere.

Pakamwa panga! Anapita kukakhala kumpando wa dalaivala, chitseko chotseka, manja pachiwongolero. Masana onse. Ndinawaona pawindo la kukhitchini. Zaka ziwiri tsopano chikhalireni pampando umenewo.

Chakudya chabwerera chosakhudzidwa. Wotchi sindinaigwire.

Loweruka, 21 Juni

Sabata yathunthu ya "madzi otentha ali apo" ndi "zikomo." Lachinayi ndinalowa m'galaja ndekha, nkubweza disitibyuta pamene inali, nkuliza. Ndisanawerenge khumi, ndodo go go go pakhomo. "Yachedwa. Simukumva kuti ikuyankhula ngati munthu wodzuka kumene?" Kupepesana kwathu nkomweko.

Ekisozi wawotcherera mkulu wa pafupi ndi msika. Mkati munali mwaye wodzaza chidebe, ndiye kuphulika kuja kunatithandiza. A Sharshen aletsa kuti ndisanene zimenezi kwa anthu.

Taimingi tatchera panjira. Ine kuponda moto pachitunda, iwo khutu padeshibodi. Ikamalira ngati timisomali m'chitini, ndiye kuti ndaonjeza. Kuima, kupotoza ngati tsitsi limodzi, kuyesanso. Kasanu ndi kawiri. Kenako anakweza chala. "Apo. Musakhudzenso, ngakhale mutalota."

1:31!

Nditasangalala ndinati titsegule buti tione chimene chimalemeretsa kumbuyo. Iwo kukana, akuti muli zofunika zokhazokha. Zofunikazo: majeke atatu, theka la giyabokosi ya galimoto ina, matcheni, batire yakufa, njerwa zisanu ndi imodzi, nsapato imodzi ya Ermek ali mwana. Ndipo pansi penipeni, wodzaza mabawuti, mphika wachitsulo wa malemu amayi anga. Unasowa mu 1997. Ndinanamizira a Zuura, zaka ziwiri osapatsana moni.

A Sharshen akuti anangobwereka.

Popanda zofunikazo, 1:24. Kukonza kotchipa kuposa konse.

Ndapita kwa a Zuura ndi buledi wotentha kukapepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto nkuti, "Za mphika ndakhululuka. Nanga galu wanga?"

Lachisanu, 27 Juni

Galu wabwera yekha, wonenepa.

Mawa ulendo. Oyilo watsopano, ladiyeta yatsukidwa, matayala apopedwa. Ufa, mchere, shuga, tiyi, mbatata, maswiti a zidzukulu za a Kalicha. Ermek wafika ndi chigalimoto chake chachitali. Wandipsompsona pamphumi, nkutulutsa chingwe chatsopano chokokera, chikadali m'pepala lake. Akuti azititsatira pambuyo.

Sindimuda. Wawonda, ndipo anayang'ana dzanja la bambo ake nthawi yaitali.

Ndaphika zambiri kuposa zofunika.

Loweruka, 28 Juni, ku Song-Kul

Ndilembe ndisanaiwale kanthu.

Chigwa chonse Mkazi Mnzanga anayenda ngati mtsikana. Phula litatha, fumbi, miyala, makona. Giya yachitatu, kenako yachiwiri. Pagalasi, Ermek ndi chingwe chake.

Pakati pa chitunda muvi wa kutentha unayamba kukwawira kofiira. A Sharshen anamva fungo ine ndisananene. "Yatsani hita, mutsegule yonse." Hita yotenthetsa m'galimoto, mu Juni, chilimwe cha kuno! Akuti imaba kutentha kwa injini. Tinaphikidwa ngati nyama ya mumphika, mawindo otsegula, thukuta m'maso. Muvi unabwerera.

Tinadutsa pamene tinathimira chaka chatha. Ndinawauza. Anavula chipewa nkupereka moni kwa malowo.

Kona yomaliza isanafike, giya yoyamba, phazi pansi, koma liwiro likutha. Ndinamva ndekha kuti mpweya wayithera. Pali kamalo kosalala pamene kamtsinje kamadutsa msewu. Iwo anati imani apa, musathimitse. Nkutsegula chitseko.

"Mukupita kuti, madala?"

"Ine ndi makilo 84. Kwerani naye."

Ndinakana. Ulendo wake ngwawo, galimoto njawo. Anamenya denga ndi chikhato ngati akuthamangitsa kavalo. "Burul, pita!" Dzina langa lenileni, ndi iwe pamwamba. Sindikumbuka pamene anandiitana choncho komaliza.

Ndinapita. Miyala kuthetheka kumbuyo, injini kukuwa, ine nanenso kukuwa, sindikudziwa ndinkati chiyani. Kona, kamtunda, kenako msewu unagona. Nyanja iyo, buluu, ndi mahema oyera kutali. Ndinakoka handibuleki nkulira ngati mwana.

A Sharshen anafika wapansi, atagwira mkono wa Ermek, amene anasiya galimoto yake pakamtsinje. Anachedwa kwambiri. Onse awiri wefuwefu. Ermek anayamba zoti sizikuwerengedwa poti wokwera mmodzi anatsika. Bambo ake anati pangano linali la kukokedwa, ndani wakoka? Ermek anatsegula boneti kuti aone ngati sitinabe injini ina. Anayang'ana, nkutseka pang'onopang'ono. "Chabwino. Chaka chino mwapambana. Koma foni muziyankha."

A Sharshen anandinong'oneza: "Zaka zonsezi ndinali ndisanaimvepo ikukwera phiri ine ndili panja. Imayimba bwino, aphunzitsi."

A Kalicha anatichingamira ndi mkaka wosasa wa kavalo. Anazungulira galimoto kawiri kufunafuna pamene tamangirira bulu.

Lolemba, 30 Juni

Ermek wabwerera kumzinda dzulo. Chingwe wasiyira a Kalicha, amangira ng'ombe.

M'mawa uno ndinatenga a Sharshen kuti tikaone nyanja. Kuseri kwa mahema kuli dambo lalitali, udzu wofupika, lopanda mwala, lopanda dzenje. Ndinaliyendera dzulo wapansi mpaka miyendo kuwawa, osawauza chifukwa. Ndinaimitsa pakati, nkutsika, nkuwatsegulira chitseko.

Anafunsa ngati tayala laphwa. Ndinati ayi, ndatopa, yendetsani ndinu.

Anatsika, nkuzungulira atagwira boneti, nkukhala, nkukankhira mpando kumbuyo, nkukonza galasi. Galasi! Sindinaseke.

Ananyamuka mosagwedeza ngakhale pang'ono, zimene ine zimandikanika mpaka lero. Ine ndiye maso: kumanja pang'ono, wongolani, nkhosa kumanzere koma zili kutali. Giya yachiwiri. Yachitatu. Mphepo inawachotsa chipewa, osachifuna. Masaya anyowa, akuti ndi mphepo. Anandifunsa kuti muvi ukuti bwanji. Ndinati 60. Unali pa 45.

A Kalicha anatithamangira ndi chipande m'manja, kukuwa kuti tapenga tonse awiri, akamuuza Ermek. Atafika pafupi nkuona nkhope ya mlongo wawo, anangoima. Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo nkukwera.

Tazungulira kanayi. Petulo wobwerera kunyumba kaya atsala. Ndimati ndipume ndilembe izi, koma a Sharshen akuliza hutala kunjaku, ndipo a Kalicha akhala kale kutsogolo, pampando wanga. A Kalichawo kumanja ndi kumanzere amasokoneza. Ndithamange.